Anapulumuka kundende, anakafera kuseri kwa siteji: nkhani ya Drakeo the Ruler

Zex wa pa Ndix: Akuluakulu, ndithandizeni. Dzulo ku studio kunabwera mwana wina wa Form 3, akuti ndimupangire beat "ngati ya Drakeo". Ine ndinangogwedeza mutu ngati ndikumudziwa, kuopa kuyaluka pamaso pa mwana kkkk. Usiku ndamvera nyimbo zake mpaka foni kutha moto. Munthuyu sakuwa, sathamanga, amangoyankhula chapansipansi ngati akuopa kudzutsa wina m'nyumba, koma zomwe akunenazo ndi mfuti, ndalama ndi adani basi. M'mawa uno ndiye ndaona kuti anamwalira kale. Alipo akuidziwa bwino nkhani yake?

Tiya wa ku Joni: Aise, mpaka lero osamudziwa Drakeo? Ndiye ma beat mumapanga a kwaya chani kkkk

Zex wa pa Ndix: Asisi musandinyoze, ife tinakulira 50 Cent ndi Game. Za ana a masiku anozi zimatidutsa.

Mbiya wa ku Indiana: Zex, khala pansi ndikuuze, chifukwa ine nkhaniyi ndinaitsata kuyambira ali m'ndende. Dzina lake lenileni ndi Darrell Caldwell, wobadwa pa 1 Disembala 1993 ku Los Angeles, chigawo cha kummwera komwe kuli magulu a zigawenga a Crips ndi Bloods aja. Anayamba kumveka mu 2015 pamene producer wotchedwa DJ Mustard anatola nyimbo yake ina n'kuipanganso. Kuchokera apo ankatulutsa ma mixtape payekha, iye ndi mng'ono wake Ralfy the Plug ndi anzawo, gulu lawo linkatchedwa Stinc Team. Kampani yaikulu ya nyimbo sanalowe, pa wailesi samamveka kwenikweni, koma mu mzinda wa LA ana onse ankayankhula ngati iyeyo. Anali ndi mawu akeake opeka, oti ngati suli wa kumeneko umangomva ngati chinenero china. Kayimbidwe kakeko mwiniwake ankati ndi "nervous music", kutanthauza nyimbo za munthu amene akuyenda akucheukacheuka. Ndiye chonong'ona chimene wamvacho si ulesi ayi.

Mu Januwale 2017 anamangidwa pa nkhani ya mfuti, anatuluka mu Novembala. Atangotuluka analowa mu studio, m'masiku pafupifupi khumi anamaliza Cold Devil, yomwe ambiri amati ndiye ntchito yake yapamwamba. Mu Malichi 2018 anamunjatanso, ulendo uno pa mlandu wakupha.

Gogo Vinyl: Basi, nkhani yathera pomwepo. Mfuti, ndende, mlandu wakupha, kenako manda. Ine ndayamba kuika nyimbo pa ma disco ena mwa inu musanabadwe, ndipo nkhani imeneyi ndaimva kambirimbiri, amangosintha dzina. Tupac 1996, Biggie 1997. Ukamasewera ndi moto usadabwe kupsa.

Nachisale: Agogo, pepani, koma mwathamanga. Mlandu wakuphawo anapezeka wosalakwa.

Gogo Vinyl: Wosalakwa kukhoti, mwana wanga. Kukhoti amapulumuka ambiri.

Nachisale: Ndiloleni ndifotokoze kaye, mukatero muweruze. Ine ndinaiwerenga nkhaniyi chifukwa cha sukulu ya malamulo, osati chifukwa cha rap, nyimbo zakezo sindizikonda n'komwe. Mu Disembala 2016 kunali phwando ku Carson, kufupi ndi LA. Panja pake panaombedwa mfuti, mnyamata wina wa zaka 24 anafa. Drakeo analipo pamalopo, koma ngakhale oimira boma pa mlanduwo sananene kuti iye ndi amene anaomba. Iwo ankati iye anakonza chiwembu chopha woyimba mnzake wotchedwa RJ, amene ankakangana naye, ndiye chipolopolo chinapeza wina. Koma RJ-yo paphwandopo panalibe. Nanga umboni wa chiwembucho unali chiyani? Mbali yaikulu inali mawu a nyimbo zake, mavidiyo ake, ndi zolemba zake. Ankaonetsa vidiyo m'khoti, anyamata atanyamula mfuti, n'kumati taonani, ili si gulu la oyimba, ndi gulu la zigawenga.

Kumeneko mlandu wotere amagamula ndi anthu wamba 12, jury ija. Mu Julayi 2019 anthu amenewa anati pa mlandu wakupha ndi wofuna kupha, wosalakwa. Panatsala milandu iwiri imene sanagwirizane. Mwachizolowezi munthu ukanayembekeza kuti apita kwawo. Ayi ndithu, ofesi ya Jackie Lacey, amene anali mkulu woimira boma pa milandu m'boma la Los Angeles, inatsegulanso milandu iwiriyo, munthu n'kubwerera m'chitokosi.

Zex wa pa Ndix: Dikirani asisi. Ngati sanaphe, sanafune kupha, watsala mlandu wanji?

Nachisale: Apa ndiye pamene panandizunguza mutu. Ku California kuli lamulo, gawo 182.5 la Penal Code yawo, linabwera mu 2000 kudzera mu voti yotchedwa Proposition 21. Limati ngati uli m'gulu la zigawenga, ukudziwa kuti anzako amapalamula, ndipo iwe ukuthandizira kapena kupindula ndi zomwe apalamulazo, nawenso uli ndi mlandu wa chiwembu. Mawu oti "kupindula" amenewo ndiye msampha. Sipafunika kuti unagwirizana ndi munthu kuti akaphe. Boma likangokhutiritsa khoti kuti Stinc Team ndi gulu la zigawenga, ndipo kuti mbiri ya chiwawa imakweza dzina la woyimba, basi wapindula. Chilango chake chikanatha kukhala moyo wonse m'ndende. Tangoganizani Zex, mwana wa ku studio kwanuyo akabe foni, inu akumangeni chifukwa nyimbo yomwe munamupangira yayamba kugulidwa.

Zex wa pa Ndix: Eee ndiye ndikanamangidwa kalekale kkkk

Kabudula97: Koma tisamuyeretse kwambiri munthuyu. Mwiniwake ankanena poyera kuti ali mwana ankathyola nyumba za anthu. Mankhwala a chifuwa a codeine aja ankamwa osabisa, m'nyimbo amachita kuwatamanda. Ndipo paphwandopo panafa mwana wa munthu, ali ndi amayi ake naye. Tikamakamba za Drakeo ngati wozunzidwa yekha timamuiwala ameneyo.

Nachisale: Zoona achimwene, ndipo sindikuti anali mngelo. Ndikungoti amene anaomba mfuti ndi amene ayankhe za mfuti. Wothyola nyumba ayankhe za kuthyola nyumba. Koma nyimbo si chikalata chovomera mlandu.

Gogo Vinyl: Nanga akamati "ndidzakuombera" m'nyimbo, n'kutchula munthu, tiziti ndi ndakatulo?

Mbiya wa ku Indiana: Madala, inu nomwe munkaika nyimbo za reggae zija woyimba akuti waombera wapolisi, anthu n'kumavina pa disco yanu. Anakamugwira ndani? Oyimba country kuno amayimba za kupha mkazi, kupha munthu popanda chifukwa, palibe amawatengera kukhoti. Zimakhala umboni pokhapokha woyimbayo akakhala mnyamata wakuda wa ku ghetto. Ndi chifukwa chake California yomweyo mu Seputembala 2022 inakhazikitsa lamulo, AB 2799, Governor Gavin Newsom anasaina, loti woweruza aziyamba waunika bwino asanalole mawu a nyimbo kukhala umboni. Drakeo anali atagona kale m'manda miyezi isanu ndi inayi.

Gogo Vinyl: Wa reggae uja sanali ndi mfuti yeniyeni m'galimoto. Kusiyana kwake n'kumeneko, mphwanga.

Mbiya wa ku Indiana: Apo mwandigwira pang'ono. Koma mfutiyo anaigwirira kale ukaidi mu 2017.

Tiya wa ku Joni: Inu mukulimbana za makhoti, ine ndikufuna Zex amvere chimbale chimene anajambula ali m'ndende. Thank You for Using GTL, cha Juni 2020. GTL linali dzina la kampani yoyendetsa mafoni a akaidi ku America, inkalipiritsa pa mphindi, mokwera mtengo. Iyeyo ankaimba foni kuchokera ku Men's Central Jail, producer wake JoogSZN ali kunja akujambula mawuwo, kenako n'kuwalumikiza ndi beat. Mawu amamveka opyapyala ngati akuchokera m'chitini, ndipo pakati pa vesi pamalowa mawu a makina aja okumbutsa kuti foniyi ikujambulidwa. Sanawachotse, anawasiya dala. Ine ndinachimvera koyamba ndili mu taxi yochokera ku Bree nthawi ya Covid, chimasiki kumaso, ma earphone m'khutu. Mawu a makinawo atalowa ndinachita kutulutsa foni kuona ngati wina akundiimbira. Ndiye taganizani, munthu akudziwa kuti oimira boma akumvetsera liwu lililonse, mlandu wake ndi wa mawu a nyimbo, iye akupitirizabe kuyimba zomwezo pa foni yawo yomweyo. Kaya n'kulimba mtima kaya ndi misala.

Kabudula97: Ndi liuma basi.

Zex wa pa Ndix: Ngati munthu wa studio ndikuuzeni kuti ntchito imeneyo ndi yowawa. Pa foni mawu amachedwa, ndiye woyimba samva beat pa nthawi yake, vesi iliyonse umachita kuidula n'kuikankha pang'onopang'ono mpaka ikhale pamalo. Pansi pa mawu palibe, pamwamba palibe, umangotsala ndi pakati. Ine kasitomala akanditumizira voice note ya pa WhatsApp kuti ndiike pa beat ndimakana. Joog ameneyo ndamuvulira chipewa.

Gogo Vinyl: Zojambula m'ndende ife tinaziona kale. Akaidi a ku Zomba anafika mpaka pa mndandanda wa Grammy mu 2016, popanda kuopseza munthu.

Tiya wa ku Joni: Zoona agogo, koma kumeneko ojambula anachita kubwera ndi zipangizo, akuluakulu a ndende atavomera. Uyu anali ndi foni yapakhoma ndi mphindi zogula.

Mayi a Pemphero: Ine sindiyankhulayankhula muno, ndimangowerenga. Rap sindiidziwa. Koma mwatchula za munthu kukhala m'ndende mlandu usanathe, ndiye mtima wandiwawa. Mchimwene wanga anakhala pa rimandi zaka ziwiri ndi miyezi, ndende sinditchula. Mlandu unali woti anapezeka ali limodzi ndi anzake amene anaba. Loweruka lililonse ndinkanyamuka mbandakucha ndi kontena ya nsima ndi nyemba, kukaima pamzere, pachipata n'kulawa kaye chakudyacho pamaso pawo kuti aone kuti mulibe kanthu. Tsiku la khoti likafika, mwina fayilo yasowa, mwina galimoto ilibe mafuta. Pomaliza anamuuza kuti ungovomera, masiku wakhala kalewa akwanira, upita kwanu lero lomwe. Anavomera. Mpaka lero amati sanabe, koma pa pepala ndi wakuba. Ndiye ndikufunsa, Drakeo wanuyo anatuluka bwanji?

Nachisale: Mayi, ngati munalipo. Anatuluka chimodzimodzi. Mu Novembala 2020 kunali chisankho, Jackie Lacey anagonja kwa George Gascón, amene ankalonjeza kusintha kayendetsedwe ka milandu yotere. Mavoti atangoonetsa kumene mphepo ikulowera, ofesi yomwe ija imene inkafuna kuti afere m'ndende inabwera ndi mawu ena: vomera mlandu winawo mwa iwiri ija, woombera mfuti uli m'galimoto, masiku wakhalawa akwanira, uzipita. Anavomera, anatuluka. Umboni sunasinthe ngakhale pang'ono, chinasintha ndi amene akhale pampando.

Mayi a Pemphero: Mhm. Ndiye kulikonse n'chimodzimodzi.

Mbiya wa ku Indiana: Ndipo mwa nthawi imene anakhalamo, yambiri anali m'chitokosi cha yekha, woweruza anamuletsanso kuyankhula za mlanduwo pagulu. Mukawerengera, kuyambira pamene anamveka mu 2015 mpaka imfa yake ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo zoposa zitatu mwa izo anali m'ndende. Atatuluka ankagwira ntchito ngati munthu wothamangitsidwa. M'chaka chimodzi anatulutsa zimbale zosachepera zisanu. Mu Febuluwale 2021 anatulutsa The Truth Hurts, momwe muli nyimbo yomwe anayimba ndi Drake. Mwezi womwewo mnzake wa mu Stinc Team, Ketchy the Great, anamwalira atagundidwa ndi galimoto. Chaka chimenecho chinali chosakaniza, uku dzina likukwera, uku maliro, ukunso mikangano ndi oyimba ena a mu mzindawo ikukula, chifukwa pakamwa pake panalibe buleki. Pa Instagram ankanyoza aliyense.

Zex wa pa Ndix: Ndiye imfayo inachitika bwanji? Ine ndimaganiza kuti anamuombera pamsewu.

Mbiya wa ku Indiana: Ayi. Pa 18 Disembala 2021 kunali chikondwerero chachikulu cha nyimbo, Once Upon a Time in LA, ku Exposition Park, pafupi ndi bwalo lomwe nthawi imeneyo linkatchedwa Banc of California Stadium. Pa pulogalamu panali Snoop Dogg, 50 Cent, Ice Cube, akuluakulu okhaokha. Kwa mnyamata wa ku South LA, kuitanidwa pamenepo kunali ngati kuvekedwa chisoti pakhomo pa amako. Cha m'ma 8:30 usiku, akupita kuti akakwere siteji, iye ndi anzake ochepa anakumana ndi chigulu cha anthu kuseri, ambiri atabisa nkhope. Panabuka ndewu, wina anamubaya pakhosi. Anamwalira kuchipatala usiku womwewo, kalendala itangolowa pa 19. Anali atangokwanitsa zaka 28 milungu iwiri ndi theka m'mbuyomo. Chikondwererocho anachiimitsa, Snoop sanakwere n'komwe siteji.

Tiya wa ku Joni: Miyezi 13 yokha ali mfulu.

Kabudula97: Aliyense amene amatsata nkhaniyi akudziwa kuti anatuma anthuwo ndi ndani. Ndi uja amene

Admin: Achimwene a Kabudula, ndafufuta dzina mwalembalo. Palibe khoti limene linamupeza ndi mlandu munthu ameneyo. Tangomaliza kudandaula kuti wina anakhala m'ndende chifukwa cha zongomuganizira, ndiye tisachite zomwezo muno.

Kabudula97: Chabwino bwana, ndamva. Koma mfundo yanga ndi yakuti panali makamera, panali mafoni, kavidiyo ka ndewuyo kanazungulira pa intaneti usiku womwewo. Anthu ambirimbiri anaona.

Nachisale: Apa ndiye tagwirizana koyamba. Pa mlandu wa ku Carson boma linali ndi nthawi yoonera mavidiyo ake onse, kumvera mafoni ake onse a m'ndende, kumasulira mawu ake opeka aja limodzilimodzi. Pa imfa yake, chaka chinatha, chachiwiri chinatha, palibe amene anaimbidwa mlandu. Woyimba rap wina, Nipsey Hussle, anaphedwa mu mzinda womwewo mu Malichi 2019, womuphayo anagwidwa patangopita masiku awiri, anagamulidwa zaka zosachepera 60. Banja la Drakeo chomwe linatha kuchita ndi kusumira amene anakonza chikondwererocho, kuphatikizapo kampani ya Live Nation, kumayambiriro kwa 2022, ponena kuti chitetezo kuseri kwa siteji chinali chosakwanira. Wasiya mwana wamng'ono wamwamuna.

Gogo Vinyl: Koma mboni nazo kumeneko siziyankhula. Chikhalidwe chomwe ankachiyimbacho chimati wouza apolisi ndi kapirikoni. Ndiye musadabwe apolisi akafunsa aliyense n'kukhala chete. Simungaphunzitse ana kuti kuulula ndi tchimo, mawa lake n'kumalira kuti palibe akuulula.

Mbiya wa ku Indiana: Madala, pamenepo sindikutsutsani. Kungoti anthu amenewo apolisiwo anawaona akuchita chiyani ndi Drakeo ali moyo? Ukaona zimenezo ungapite wekha ku siteshoni kukanena kuti ndinalipo?

Gogo Vinyl: Ine ndikanapita.

Tiya wa ku Joni: Agogo mukunena muli ku Chilomoni kkkk. Kuno woyimba rap wotchedwa AKA anaphedwa pa Florida Road ku Durban mu Febuluwale 2023, kamera ikujambula, anthu akudya m'malesitilanti. Zinatenga chaka chathunthu kuti anthu amangidwe. Amene amakhala moyandikana ndi eni mfuti amayamba aganiza za ana awo.

Zex wa pa Ndix: Za kuseri kwa siteji zandikumbutsa show ina ku Lilongwe, malo sinditchula. Ndinapita ndi woyimba wanga. Kutsogolo ma bouncer anayi akusecha anthu mpaka m'masokosi. Kuseri, komwe kuli oyimba, kunali chingwe cha sisal ndi mnyamata mmodzi atavala reflector, amene aliyense womupatsa botolo amadutsa. Anyamata a woyimba wina amene tinali naye pa mkangano wa beat anatizungulira pafupi ndi jenereta, mmodzi ali ndi botolo losweka. Phokoso la jenereta ndi sipika, ukakuwa palibe akumva. Anatipulumutsa ndi mayi wina wogulitsa chips amene anayamba kukalipa kuti mundigwetsera mafuta. Okonza show amateteza geti chifukwa ndi pamene pali ndalama.

Mayi a Pemphero: Mayi wa chips ameneyo mukamupatse ya sopo.

Kabudula97: Funso langa likadalipo. Mwana wa Form 3 wa ku Ndirande akufuna kukhala Drakeo chifukwa chiyani? Mfuti sanaionepo kupatula ya mlonda wa pa banki. Akuona magalimoto ndi unyolo wa pakhosi, zaka zitatu za m'chitokosi sakuziona.

Tiya wa ku Joni: Mwina akumva zomwe Zex anamva, mawu aja. Oyimba ambiri a ku LA ndi madera ena a California amene anabwera pambuyo pake anatengera kayankhulidwe komweko, kolowa mochedwa pa beat ngati sakufuna. Mwana akhoza kutenga kayimbidwe n'kusiya mfuti.

Gogo Vinyl: Akhoza. Koma ine zaka zonsezi sindinaonepo mwana wotenga theka.

Zex wa pa Ndix: Wabwera mwana uja, ali pompano. Ndamuwerengera zina mwalembazi, za Carson ndi za foni ya m'ndende, sankazidziwa, amangodziwa ya Drake ija. Ndamuuza atulutse kope ndione vesi. Mzere woyamba muli Glock, wachiwiri muli Rolls-Royce. Ndamufunsa kuti wabwera bwanji kuno, akuti wapansi, ya minibasi anagulira bundle kkkk. Ndamuuza alembe za bundle yomweyo koma aziyimba chonong'ona momwe akufuniramo. Wakwiya, wakhala pa benchi panja akulemba. Beat ndayamba, bass yolemera, piyano ya manotsi atatu, malo ambiri opanda kanthu. Magetsi akapanda kuthima ndiponya muno madzulo.

Nachisale: Vesi ya Glock ija musaitaye poyera, mungadzaipeze kukhoti.

Zex wa pa Ndix: Wang'amba yekha pepalalo. Akufunsa ngati "chigumu" chikugwirizana ndi "ndalama".

Gogo Vinyl: Sichikugwirizana. Muuzeni ayese "mandasi".

Tiya wa ku Joni: Nayonso sikugwirizana agogo kkkk